Agumula Pakhonde pa atelala

Mussa M'baluku: Asalamu alaikum nonse. Abale, ndani wagumula Pakhonde? Ndatsika basi pa Mangochi boma m'mawa uno kuchokera ku Blantyre, ndamuuza wakabaza kuti akanditule Pakhonde, mnyamatayo wangoti kukamwa yasa. Ndachita kumulondolera ndine. Kufika pamalopo ndapeza mulu wa njerwa, malata akale atawaunjika pambali, mbuzi ziwiri zili pamwamba pa muluwo ngati zagula puloti. Miyezi inayi yokha osabwera kumudzi.

Abiti Saidi: Walaikum salaam achimwene. Mwachedwa, ino ndi sabata yachiwiri. Anasasula denga Lolemba, pofika Lachinayi panali patayera. Ine ndinadutsapo ndikuchokera kumsika, ndinaima kanthawi, kenako ndinaona kuti anthu ayamba kundiyang'ana ndiye ndinangopitiriza ulendo.

Dalitso: Mukunena kanyumba kachikasu kokhoma matabwa m'mawindo kaja? Konunkha mileme kaja? Kanali ndi dzina kodi?

Abiti Saidi: Iwe Dalitso unabadwa liti?

Dalitso: 1999 mayi 😂

Abiti Saidi: Ndiye khala chete umve.

Ajidu: Nyumba imene ija ndi ya 1891, inamangidwa limodzi ndi boma. Agogo ankatero. Agwetsa mbiri yonse ya Fort Johnston, Mangochi yathu ino, anthu amenewa.

Aphunzitsi Opuma: Che Ajidu, agogo anu sindikuwanyoza, koma 1891 ayi. M'chaka chimenecho Harry Johnston anamanga linga lake kutsidya, moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, pofuna kutseka njira ya akapolo yodzera pa Shire. Boma linadzasamukira tsidya lino pambuyo pake, chisanakwane chaka cha 1900. Sitolo singayambe kumangidwa tauni isanafike. Ngakhale wotchi ya pamlatho ija, yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndi ya 1903.

Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti pamene ndinkayamba sukulu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, sitoloyo inali itakalamba kale, njereza ikusupuka m'nsanamira. Inali ya mmwenye. Mamangidwe ake ndi omwe aja mumawaona ku Balaka kapena ku Namwera: chipinda chakutsogolo sitolo, kumbuyo kogona banja, kumaso khonde lalitali la nsanamira zinayi. Tsono khondelo ndiye linali mtima wa malonda. Ukagula nsalu mkati, usanatsike n'komwe masitepe telala wakuzunguliza kale tepi m'chiuno. Atelala analipo atatu, makina a Singer opalasa ndi phazi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ramadani ikamapita kumapeto ankasoka ndi nyali mpaka pakati pa usiku. N'chifukwa chake dzina la mwini sitolo silinkamveka pakamwa pa munthu. Aliyense ankangoti Pakhonde.

Ajidu: Chabwino aphunzitsi, ndagonja. Koma ndi yakale ndithu.

Che Wadi: Mmodzi mwa atatuwo anali bambo anga, okhala pakatiwo. Poyamba makina sanali awo, anali a mwini sitolo, ndipo pa malaya alionse ankapatulapo yake. Anadzagula awoawo patapita zaka. Ine ndikaweruka kusukulu ntchito yanga inali kukoleza makala a musimbi ndi kusokerera mabatani. Chala changa chamkombaphala chili ndi chipsera mpaka lero. Makinawo alipo, mlongo wanga akusokera ku Namwera, lamba yekha ndi amene tasinthapo kangapo.

Chinanso chimene bambo sankatopa kusimba ndi usiku wa Chipembere, February 1965, anthu ake atalowa m'boma muno n'kulanda polisi ndi positi ofesi. Kutacha sitolo sinatsegulidwe. Bambo anamasula mutu wa makina, n'kuukulunga m'chiguduli, n'kuusenza mpaka kumudzi. Thebulo lake anasiya pakhonde pompo. Ankati thebulo kalipentala akhoma lina, koma mutu ukapita ndiye kuti ana agona ndi njala.

Aphunzitsi Opuma: Zoona, ndipo ulendo wa anthu amenewo unakathera pa Liwonde, atapeza pantoni ili tsidya lina. Nthawi imeneyo nkhani yotereyi unkainong'ona, osati kuilemba pagulu ngati mmene tikuchitiramu.

Shakira: Ndikuwawerengera anganga zimene mukulembazi, ndiye akuti ndilembe mawu awo. Akuti musamakometse zinthu chifukwa zagwa. Akuti yadi ya m'sitolo imene ija inali yaifupi, mwini wake ankaikoka nsalu poyeza, ukakachapa biriwita yako yabwerera ngati ya mwana. Akuti kukhudza nsalu usanaonetse ndalama kunali kosaloledwa, umangoloza uli kuno kwa kauntala. Koma akutinso basera ankapereka, singano kapena switi imodzi, ndipo chaka china cha njala anawapatsa mchere ndi parafini pangongole miyezi itatu osawatumizira munthu. Akuti lembani zonse ziwiri.

Abiti Saidi: Auze anganga kuti sikomo kwejinji. Za yadi yaifupizo amayi anganso ankadandaula.

Bright Chambo: Chambo chafuleshi chilipo, Makawa, tikubweretserani pakhomo. Inbox.

Admin: Che Bright, malonda ndi Loweruka. Kachiwiri aka.

Dalitso: Ine ndamva ndipo ndalemekeza. Koma tinene zoona akuluakulu. Zaka zonse ndakhala ndikudutsa pamene paja, sindinaonepo ndi mmodzi yemwe wa inu akuzula udzu kapena kupaka laimu. Usiku pankagona anthu osuta chamba. Lero mwini wake akufuna kumanga mashopu oti achinyamata tipeze pogulitsira, ndiye tiyambe maliro? Tauni ikukula. Mlatho wakale wopapatiza uja atauchotsa n'kubwera wa Bakili Muluzi analira ndani?

Mussa M'baluku: Mlatho anachotsa n'kuikapo mlatho, mphwanga. Ukanena kuti tikumane pamlatho munthu amafika. Apa ine ndalephera kulondolera wakabaza kwathu kwenikweni. Makalata onse amene malume ankatumiza ali ku Theba, wobweretsa ankauzidwa kuti ukasiye Pakhonde, telala wapakati akudziwa kwawo. Adiresi ya theka la mudzi wathu inali imeneyo.

Che Wadi: Eee, bambo anali ndi chitini cha mabisiketi chosungira makalata a anthu. Ena osadziwa kuwerenga ankawawerengera pompo, makina ataima.

Dalitso: Pano tili ndi foni bwana, timatumiza location 😅

Hawa: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuyambira m'mawa. Amene agumula ndife. Ine ndine mdzukulu wa amene anagula sitoloyo kwa mmwenye uja. Ndiye m'malo momanena kuti anthu amenewa, funsani ine.

Agogo anapita ku migodi ya ku Joni maulendo atatu. Ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu athu oposa 70, Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi, agogo n'kukhala pakhomo ndi tindalama tawo. Nthawi yomweyo n'kuti boma likuchotsa amwenye m'matauni ang'onoang'ono kuti azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Mwini sitolo ananyamuka mu 1978 kupita ku Limbe, agogo n'kugula nyumba, mashelefu, sikelo, zonse.

Zimene sanagule ndi njira yopezera katundu. Mmwenye ankatenga nsalu kwa abale ake ku Limbe pangongole, n'kumabweza akagulitsa. Agogo ankayenera kupita ku Chipiku ndi ndalama m'manja. Nsalu zinayamba kuchepa m'mashelefu, kenako kunatsala sopo, machesi, mchere, mbedza ndi magalasi a nyali. Kaunjika atabwera, atelala anachoka mmodzimmodzi chifukwa munthu sangasoketse malaya pamene pamsika akugula osokasoka motchipa. Amalume anayesa vidiyo shoo, inayenda zaka zingapo. Kenako tinkabwereketsa kwa anthu osungiramo matumba a usipa. Pomaliza ngakhale iwowo anakana chifukwa denga linkadontha.

Chiswe chinadya mitengo yonse ya kudenga. Mvula ya Freddy mu 2023 inang'amba khoma lakumbuyo kuchokera pamwamba mpaka pansi, dzanja linkalowa. Ana a neba ankasewera m'munsi mwa khoma lomwelo. Likanagwera mwana, pagulu pano mukanalemba zotani? Achimwene anga awiri ali ku Joni akutumiza ndalama yoti timange mashopu anayi. Amayi ndi amasiye, lendi imeneyo ndiyo penshoni yawo. Ine ndinakulira m'nyumba imene ija, ndinabadwira chipinda chakumbuyo. Tsiku losasula denga sindinapiteko.

Mussa M'baluku: Achemwali pepani. Mawu anga aja anatuluka ndi mkwiyo wa paulendo. Sindinkadziwa kuti ndi inu.

Ajidu: Inenso pepani. Koma funso langa, kodi lamulo silikaniza kugwetsa nyumba zakale chonchi?

Aphunzitsi Opuma: Lamulo lilipo, Monuments and Relics Act la 1990, ndipo pali nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Koma limagwira bwino pa zimene zinalembedwa m'kaundula kuti ndi chuma cha dziko, monga wotchi ija kapena nyumba ya Mandala ku Blantyre ya 1882. Kasitolo ngati aka sikanalembedwepo, ndipo ife amene tikudandaula lero sitinapiteko kukapempha kuti akalembe. Pamenepo Dalitso wanena zoona ngakhale wanena mwachipongwe.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Taimani pa wotchi paja muyang'ane zimene tasunga. Nsanja ya mfumukazi imene sinapondeko kuno. Mfuti ya sitima ya Guendolen, imene inakaphwanya sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli mu August 1914. Chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira mu July 1946 ndi anthu 145, chimenecho chokha ndiye chikukhudza maliro athu. Nyumba yosungiramo zinthu zakale nayo ili m'kalabu yakale ya azungu. Zonsezi n'zofunika, ndinkapita nawo ana asukulu chaka ndi chaka. Koma mwana akandifunsa kuti nanga agogo anga ankagula kuti mchere, ankasoketsa kuti yunifolomu, ndinkamulozera Pakhonde tikubwerera. Pano ndiloza mulu wa njerwa.

Dalitso: Chipongwe sichinalipo aphunzitsi 🙏 koma point ndaimva.

Fundi Amadu: Poti a Hawa adziulula, nanenso ndinene. Ntchito yogumula anandipatsa ine ndi anyamata anga anayi. Nyumba imene ija simenti inali pansi pokha ndi pamasitepe. Makoma onse njerwa zootcha zomangira dothi, kunja pulasitala wa laimu ndi mchenga. N'chifukwa chake sitinavutike, njerwa zimangosiyana zokha ukalowetsa chitsulo, ndipo zambiri zatuluka zamphumphu. Ndi zazikulu kuposa za chikombole cha masiku ano, zolemera, ukaziombanitsa zimalira ngati mbale. Khoma lakutsogolo linali lochindikala njerwa ziwiri. Lakumbuyo ndiye linali litafa kale, madzi ankalowa pansi. Tinangolikankha atatu.

Chaka cholembedwa sitinachipeze paliponse, ndinayang'ana ngakhale pamwamba pa chitseko. Koma pochotsa kauntala, kuseri kwake kunagwa tindalama takale tinayi. Tiwiri ndi makobiri obowola pakati, a njovu ziwiri, olembedwa Rhodesia and Nyasaland.

Abiti Saidi: Makobiri obowola! Amayi ankawatunga pachingwe n'kumanga m'chiuno popita kumsika. Atatu ankakwana tiki.

Aphunzitsi Opuma: Amenewo ndi a nthawi ya Chitaganya, 1953 mpaka 1963. Akutiuza kuti kauntalayo inalipo kale nthawi imeneyo, koma za makoma sakunena kanthu. A Fundi, musawataye. Nanga chitseko? Chinali cha mlombwa chija, cha zipande ziwiri, chokhala ndi mpiringidzo wachitsulo.

Fundi Amadu: Makobiri ndinapereka kwa mayi a Hawa. Chitseko anagula bambo wina wa cha ku Chimwala, ananyamula pangolo. Anati akufuna akatsekere khola la mbuzi.

Ajidu: Khola la mbuzi!! Inna lillahi.

Hawa: Chitsekocho ndinalibe nacho maganizo, ndikuvomera. Koma pali zina zimene ndinatulutsa ndisanawaitane a Fundi. Sikelo ija ya miyala yake, ndi mabuku awiri a ngongole amene anali m'bokosi pansi pa bedi la agogo. Limodzi ndi la mmwenye, analisiya pochoka. Zilembo zake sitingathe kuwerenga, ndi za kwawo, koma mizere yake ndi itatuitatu, mapaundi, masheleni ndi makobiri, kenako chakumapeto ikusanduka iwiri.

Aphunzitsi Opuma: Pamene mizere ikusanduka iwiripo ndi 1971, kwacha ndi tambala zitalowa. Paundi imodzi inasanduka K2, sheleni 10 tambala. Anthu anatenga zaka akuwerengabe m'masheleni. Zilembozo zikhoza kukhala Chigujarati, ku Limbe aliko ambiri oti angatiwerengere.

Hawa: Lachiwiri ndi la agogo, lolemba ndi bolopeni, kuyambira 1978. Limeneli ndiye ndakhala ndikuwerenga usiku. Agogo sankalemba maina enieni kawirikawiri. Ankalemba mmene ankamudziwira munthuyo. Wamtali wa ku Chowe, parafini botolo limodzi. Mkazi wa mesenjala, sopo ndi shuga. Mnyamata wa chilimira, magalasi a nyali awiri, adzalipira mwezi ukada. Aphunzitsi atsopano, mchere, machesi, bulangete. Ena anakhwatchidwa, ambiri sanakhwatchidwe.

Mussa M'baluku: Aphunzitsi atsopano 😂😂 aphunzitsi athu, bulangete lija munalipira?

Aphunzitsi Opuma: Mu 1978 ndinali ndikuphunzitsa ku Katuli, ndili ndi mboni. Koma kunena zoona mphunzitsi aliyense wongoyamba kumene ankagona m'bulangete langongole, malipiro oyamba ankachedwa.

Dalitso: Jambulani masamba onse muponye pano tione ma family a ngongole 😂

Admin: Ayi. A Hawa musaponye tsamba lililonse lokhala ndi dzina kapena mudzi wa munthu. Ena mwa anthuwo ana awo ali pagulu pompano.

Abiti Saidi: Ine sindikuseka nawo. A Hawa, amayi anga ankatenga katundu kwa agogo anu, ndikudziwa chifukwa wonyamula botolo la parafini ndinali ine. Anamwalira mu 1994. Pamaliro ashehe anafunsa katatu ngati pali amene amayi anali naye ngongole, palibe anaimirira, ife n'kuika maliro mitima ili pansi. Tsopano mukuti ambiri sanakhwatchidwe. Chonde tayang'anani. Agogo anu ankawatchula kuti amake mapasa, a ku Mpondasi. Ngati chilipo ndibweza, ngongole ya womwalira siigonekedwa.

Che Wadi: Nanenso mundionere. Telala wapakati. Bambo ankatenga ulusi ndi mafuta a makina.

Ajidu: Kubweza kwake muwerengera bwanji? K1 ya 1980 ndi ya lero ndi zinthu ziwiri. Nthawi imeneyo munthu ankagula nayo zinthu zodzaza m'manja, lero ngakhale switi sagulitsa.

Mussa M'baluku: Abweze katundu yemweyo. Botolo la parafini, botolo la parafini.

Dalitso: Parafini mumupeza kuti pano, aliyense ali pa sola ndi tochi.

Hawa: Mayi, ndakuyankhani kumbali kuti ndakupezani tsamba liti. Koma izi ndinene pagulu kuti wina aliyense amene mtima wagunda amve. Agogo asanamwalire anaitana ana awo onse ndi ashehe, bukuli lili pamiyendo, n'kunena kuti aliyense wolembedwamo amukhululukira, pasadzapezeke mwana kapena mdzukulu wokatolera. N'chifukwa chake pamaliro a mayi anu kwathu sikunaimirire munthu, ngakhale kuti agogo nthawi imeneyo anali moyo. Ankati munthu wakusiyira mapasa ukamulondola bwanji za sopo. Ndalama yanu sitilandira. Mukafuna perekani sadaka m'dzina la onse awiri.

Abiti Saidi: Alhamdulillah. Mwandipepuza mwanangu. Lachisanu ndikapereka. Zinali zingati kodi?

Hawa: Sopo mitanda iwiri, parafini katatu, ndi nsalu ya yunifolomu mayadi anayi. Pambali analembapo kuti mapasa ayamba sukulu.

Abiti Saidi: Yunifolomu imeneyo ndikuikumbuka. Anasoka bambo ake a Che Wadi, yaikulu dala kuti tivale zaka zitatu.

Che Wadi: Ndiwo amenewo, sankasoka yokwana. Nanga ife a Hawa?

Hawa: Telala wapakati ali pafupifupi tsamba lililonse, koma zonse zinakhwatchidwa. Ankalipira Loweruka lililonse.

Che Wadi: 🙏🙏

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga Hawa, ndili ndi pempho. Mabuku amenewo musawasunge m'bokosi lomwelo, chiswe chimene chinadya denga sichinasamuke. Akulungeni m'pulasitiki muwaike pamwamba. Ndipo ngati banja lingalole, la mmwenye lija ndi sikelo tikazionetse kunyumba yosungiramo zinthu zakale, ngakhale kungojambulitsa masamba. La agogo anu likhale kaye pakhomo, lili ndi anthu amoyo.

Hawa: Zimenezo sindingalamule ndekha, mwini mbumba ndi amalume ndipo ali ku Joni. Ndiwaimbira usiku akaweruka. Koma za njerwa ndalankhula kale ndi amayi, zamphumphuzo sitigulitsa, zilowa m'khoma lakutsogolo la mashopu atsopano. Khondenso likhalapo, pulani ili nalo, ngakhale ndi la mapaipi achitsulo osati nsanamira.

Dalitso: Shopu imodzi mundisungire achemwali, ya ma phone accessories. Lendi tikambirana.

Fundi Amadu: Njerwa zamphumphu ndinaziika padera kale, koma anthu akumatola usiku. Dzulo ndapeza mulu watsika. Pafunika mlonda kapena tizisamutse mawa.

Aphunzitsi Opuma: A Fundi, bambo wa chitseko uja mungamuzindikire?

Fundi Amadu: Nambala yake ndilibe koma wangolo ndikumudziwa, amaima pafupi ndi msika.

Aphunzitsi Opuma: Ndiye mawa tikamufunse atilondolere. Ngati sanachidule ndimugulira chitseko china chapaini, mbuzi sizisankha. Che Mussa, muli pa tchuthi inu, mundiperekeze, mawondo angawa pa kabaza ndekha sindingathe.

Mussa M'baluku: Ndabwereka njinga yamoto ya mlamu wanga. 7 koloko pa wotchi. A Fundi foni isazime.

Ajidu: Ponyani nambala ya Mpamba aphunzitsi, pa chitseko chapainicho ndiikapo yanga.